Thin, slim, skinny: mafunso ndi mayankho pa mawu a Chingerezi onena za kuwonda

Wophunzira Chingerezi amayamba ndi *thin*, n'kuganiza kuti nkhani ya kuwonda yathera pomwepo. Akatsegula magazini kapena foni amakumana ndi *slim*, *slender*, *skinny*, *lean*, *petite*, *scrawny*, ndipo dikishonale yaing'ono imamuuza kuti onsewa ndi "wowonda". Dikishonaleyo sinaname, koma yabisa mbali yofunika. Mawu aliwonse amabwera atanyamula chigamulo chake: ena amayamikira, ena amaseka, ena amamvetsa chisoni. Mafunso otsatirawa ndi amene ophunzira amafunsa kawirikawiri.

Kodi *thin*, *slim* ndi *skinny* si chinthu chimodzi?

Ayi. Tiyerekeze kuti mtsikana wadutsa pamaso pa anthu atatu. Woyamba akuti "She is thin." Uyu wangonena zimene maso ake aona, ngakhale kuti akawonjezera *too* kapena *very* ndiye kuti wayamba kuda nkhawa. Wachiwiri akuti "She is slim." Uyu wagoma: thupi lochepa bwino, lokhala zovala, looneka lathanzi. Wachitatu akuti "She is skinny." Mawu awa achokera ku *skin*, kutanthauza khungu, ndipo chithunzi chake n'cha munthu amene watsala khungu lokha lokuta mafupa. Ana asukulu amatonzana nawo.

Mtsikanayo ndi yemweyo, pasikelo sanachepe kapena kuwonjezera. Chasintha ndi mtima wa wolankhula basi.

Komatu *skinny* ndi mawu oterera. Amalonda anawatola n'kuwapukuta: pali *skinny jeans*, mathalauza othina mpaka m'mapazi, ndi *skinny latte*, khofi wa mkaka wochotsedwa mafuta. Atsikana ena akakumana amauzana kuti "You look so skinny!" uku akusekerera, wouzidwayo n'kuthokoza. Kwa anthu amenewo chitonzo chinasanduka mendulo. Kwa ena ambiri chikadali chitonzo, choncho munthu amene simunazolowerane naye musamuuze zimenezi.

*Thin* amagwiranso ntchito pa zinthu: pepala lopyapyala, tsitsi lapatalipatali, msuzi wamadzimadzi. *Slim* nayenso ali ndi kanjira kake. *A slim chance* ndi mwayi wochepa kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti *fat chance*, yemwe mukanaganiza kuti ndi mwayi wonenepa, amatanthauza kuti mwayi palibiretu. Amanenedwa monyogodola.

Ndiye kuti *slim* ndi mawu abwino kuyambira kale?

Ayi ndithu. Analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 kuchokera ku Chidatchi, kumene ankanena za chinthu chokhota kapena choipa, ngakhalenso munthu wachinyengo. M'Chijeremani *schlimm* mpaka lero ndi "choipa", pamene m'Chidatchi ndi m'Chiafrikaansi cha masiku ano *slim* ndi munthu wochenjera. Ulemu umene mawuwa ali nawo pano anaupeza panjira, ndipo otsatsa malonda anathandiza kwambiri. Mu 1968 kampani ya Philip Morris inatulutsa ndudu zotchedwa Virginia Slims, zazitali ndi zowonda, zolunjika kwa akazi.

Mawu omwewo anali ndi nkhope ina kwina. Mu 1985 madokotala analemba za matenda atsopano ku Uganda amene anthu a kumeneko ankawatchula kuti *slim*, chifukwa odwala ankangotha thupi mpaka kumwalira. Anali Edzi. Pa nthawi imene magazini a ku London ankagulitsa njira za *slimming*, anthu a ku Rakai, ku Uganda komweko, akamva *slim* ankaganiza za maliro. Wolankhula Chichewa sangadabwe nazo, paja palibe amene anauzidwapo kuti ali ndi kaliwondewonde n'kumwetulira.

Kupatula *slim*, ndi mawu ati ena oyamikira?

Alipo ambiri, ndipo kuchuluka kwakeko n'kumene kuyenera kukuganizitsani.

*Slender* ndi mawu a m'mabuku, ofatsa, onena za kuwonda kokongola. Amakonda kupita ku ziwalo: khosi, zala, chiuno. *Svelte* anadzera ku Chifalansa, ndipo amamveka ngati munthu wovala zodula amene akulowa m'holo anthu n'kumutembenukira. Mudzawapeza kwambiri m'nkhani za anthu otchuka. *Willowy* achokera ku *willow*, mtengo wa msondodzi: mkazi wamtali, wowonda, woyenda mofewa ngati nthambi yogwedezeka ndi mphepo.

*Lean* ndi osiyana pang'ono. Awa akunena za thupi lopanda mafuta koma la minofu, ngati la wothamanga mtunda wautali. Ogulitsa nyama amawagwiritsanso ntchito pa mnofu wopanda mafuta. *Trim* ndi *toned* ndi a ku malo olimbitsira thupi, ndipo amabisa uthenga wakuti mwini thupi analikhetsera thukuta.

*Petite* amasokoneza ambiri. Sakunena za kuwonda kokha, akunena za mkazi wamfupi wa thupi laling'ono. M'masitolo a zovala, gawo lolembedwa *petite* ndi la akazi osapitirira pafupifupi masentimita 163, kaya ndi owonda kaya ndi onenepa. Mwamuna satchulidwa *petite*. Kwa iye amati *slight* kapena *slightly built*.

Nanga opweteka ndi ati?

*Scrawny* ndi kuwonda kosasangalatsa, ngati kwa nkhuku yonyowa ndi mvula. *Bony* ndi mafupa okhaokha, ndipo pali chiganizo chodziwika chakuti "He is all skin and bone." *Lanky* ndi wamtali wowonda amene manja ndi miyendo zikuoneka ngati zamukulira, mawuwa amaseka koma saluma kwambiri.

*Gaunt* ndi *emaciated* si oseketsa. *Gaunt* amayang'ana kumaso: masaya olowa, maso obisala, munthu amene wadutsa m'matenda, m'chisoni kapena m'ndende. *Emaciated* ndi a atolankhani ndi madokotala, onena za thupi lotheratu ndi njala kapena matenda. Mukawalemba m'nkhani, owerenga amadziwa kuti moyo wa munthuyo uli pangozi.

Kodi amuna nawo amanenedwa ndi mawu omwewa?

Ena inde, koma sikelo yake ndi ina. Mwamuna akatchulidwa *skinny* kapena *weedy* nthawi zambiri akumunena kuti alibe mphamvu. Oyamikira ndi *lean*, *wiry*, kutanthauza wowonda koma wolimba ngati waya, ndi mawu a achinyamata onyamula zitsulo monga *ripped* ndi *shredded*, onena za minofu yoonekera mzere uliwonse. Mafilimu amafuna mwamuna wa mapewa aakulu ndi mimba yophwa, ndipo anyamata ena amadwala nazo maganizo, kumadziona ochepa thupi ngakhale atatupa minofu. Madokotala amawatcha *muscle dysmorphia*.

*Underweight* ndi chitonzo kapena ndi mawu achipatala?

Ndi achipatala, ndipo ali ndi nambala yake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu ndi *underweight* ngati BMI yake ili pansi pa 18.5. BMI imapezeka potenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Munthu wamtali mamita 1.65 wolemera makilogalamu 50 BMI yake ndi 18.4, wangotsetsereka pang'ono pansi pa mzere.

Masamuwa anayamba ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, ndipo iye sanali dokotala. Ankawerengera anthu m'magulu, osati kuyeza wodwala mmodzi. Dzina lakuti *body mass index* linafala kuchokera mu 1972, m'kafukufuku wa Ancel Keys wa ku America. BMI siisiyanitsa mnofu ndi mafuta, siiona kukula kwa mafupa, ndipo kwa ana imawerengedwa mwanjira ina. Pali anthu obadwa owonda amene amadya bwino n'kukhala athanzi moyo wawo wonse.

Ndimamva anthu akuti "she looks anorexic". Kodi ndi njira ina yonenera kuti wowonda kwambiri?

Anthu amatero, koma n'kulakwa. *Anorexia nervosa* ndi matenda, ndipo dzinali analipereka ndi dokotala wa ku England, William Gull, mu 1873. Wodwala amadzimana chakudya chifukwa cha mantha aakulu onenepa, ndipo akadziyang'ana pagalasi amaona thupi losiyana ndi limene ena akuona. Ndi amodzi mwa matenda a maganizo amene amapha anthu kwambiri. *Bulimia nervosa*, amene Gerald Russell anawafotokoza mu 1979, ndi kudya mopitirira kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba.

Kuponya mawu amenewa pa munthu wongodutsa kumalakwira anthu awiri. Wowonda wathanzi mwamupatsa matenda amene alibe. Wodwala weniweni, amene mwina thupi lake silikuoneka lowonda n'komwe, mwamuuza kuti vuto lake silinakwane kutchedwa matenda.

N'chifukwa chiyani Chingerezi chili ndi mawu ambiri chonchi okometsera kuwonda?

Chifukwa chakuti kwa zaka zoposa 100 pakhala anthu amene amapeza ndalama ndi mawu amenewa. Sizinali choncho nthawi zonse. Peter Paul Rubens, wojambula wa ku Antwerp amene anamwalira mu 1640, ankajambula akazi athupi, a ntchafu ndi mikono yodzaza, ndipo anthu a nthawi yake ankaona kukongola. Mpaka lero Chingerezi chili ndi mawu aulemu akuti *Rubenesque* onena za mkazi wotero.

Zinthu zinatembenuka kwambiri m'zaka za m'ma 1920. Fashoni ya ku Ulaya ndi ku America inabweretsa madiresi owongoka obisa mabere ndi chiuno, zovala zosokedwa kale m'mafakitale zinafala ndi manambala ake a saizi, ndipo masikelo analowa m'nyumba za anthu. Chakumapeto kwa zaka zimenezo ndudu za Lucky Strike zinkatsatsidwa ndi uthenga wakuti munthu atole ndudu m'malo mwa switi. Fodya anagulitsidwa ngati mankhwala a kuwonda.

Mu 1966 mtsikana wazaka 16 wa ku London, Lesley Hornby, anatchuka dziko lonse monga woonetsa zovala, ndi dzina lakuti Twiggy, lochokera ku *twig*, kanthambi ka mtengo. Dzina lokhalo likukuuzani chimene ojambula ankafuna. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera woonetsa zovala wina, Kate Moss, ndi mawu akuti *waif*. Mawu amenewa poyamba ankanena za mwana wamasiye wongoyendayenda mumsewu, wosowa womudyetsa. Taganizani, magazini anatenga mwana wanjala n'kumusandutsa muyezo wa kukongola. Nthawi yomweyo kunatuluka *heroin chic*: khungu lotuwa, m'munsi mwa maso mwakuda, mafupa poyera, maonekedwe a munthu wosuta mankhwala ozunguza bongo. Zinafika poti mu 1997 pulezidenti wa America, Bill Clinton, anadzudzula fashoni imeneyi poyera.

Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Mawu ngati *waif* ndi *skinny* sanasiye kutanthauza njala ndi kufooka. Magazini anangowaveka zovala zodula.

*Size zero* ndi chiyani? Munthu angavale saizi yopanda nambala?

Ndi saizi ya zovala za akazi ya ku America, yofanana ndi saizi 4 ya ku Britain. Inabadwa chifukwa opanga zovala akhala akutsitsa manambala mwakachetechete kuti ogula azisangalala: diresi lomwelo limene kale linali ndi nambala yaikulu lero lili ndi yaing'ono. Ochepa thupi kwambiri manambala anawathera, ndiye kunabwera 0, kenako 00.

Mawuwa anamveka ponseponse mu 2006. Mu Ogasiti chaka chimenecho Luisel Ramos wa ku Uruguay, wazaka 22, anamwalira ndi vuto la mtima atangomaliza kuonetsa zovala ku Montevideo. Mu Seputembala, okonza chionetsero cha mafashoni ku Madrid analetsa atsikana a BMI yosakwana 18. Mu Novembala, Ana Carolina Reston wa ku Brazil anamwalira ali ndi zaka 21 chifukwa cha *anorexia*. Mayiko ena anatsatira ndi malamulo. Israel inakhazikitsa lake mu 2012. France inakhazikitsa lake mu 2015, lofuna kalata ya dokotala munthu asanalembedwe ntchito yoonetsa zovala, ndipo kuyambira mu Okutobala 2017 chithunzi chotsatsa malonda chimene thupi lachepetsedwa kapena kukulitsidwa pakompyuta chiyenera kulembedwa kuti *photographie retouchée*, kutanthauza chithunzi chosinthidwa. Norway inayamba kufuna chizindikiro chotere mu 2022.

Koma zoona zithunzi zingasinthe mmene munthu amaonera thupi lake? Si kukokomeza?

Chitsanzo chimene akatswiri amabwererako kawirikawiri ndi cha ku Fiji. Kumeneko thupi lodzaza linkalemekezedwa, ndipo kuwonda kunkaonedwa ngati chizindikiro chakuti munthu sali bwino. TV inafika m'chigawo cha Nadroga mu 1995, ikuonetsa mapulogalamu ambiri a ku America, Britain ndi Australia. Anne Becker wa ku Harvard ndi anzake anafunsa atsikana asukulu m'chaka chimenecho, n'kufunsanso gulu lina mu 1998. Poyamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Patapita zaka zitatu, atsikana 11 pa 100 alionse anavomera kuti amatero. Gulu lofunsidwalo linali laling'ono, ndipo matenda a kadyedwe ali ndi zoyambitsa zambiri, kuphatikizapo za kumtundu ndi za m'banja. Komabe kusintha kwa zaka zitatu zokha kunadzidzimutsa anthu.

Lero TV inalowa m'thumba. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zamkati za kampaniyo. Zina zinkasonyeza kuti atsikana pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene ankavutika kale ndi maonekedwe awo ananena kuti Instagram, yomwe ndi ya kampani yomweyo, imawonjezera vutolo. Kusiyana kwake ndi magazini n'kwakuti pafoni mtsikana sakudziyerekeza ndi munthu wotchuka wakutali yekha. Akudziyerekeza ndi mnzake wa m'kalasi, amene wajambula zithunzi 30, wasankhapo chimodzi, n'kuchepetsa chiuno ndi chala. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Mawu ngati *thigh gap* ndi *thinspo* amatanthauza chiyani?

*Thigh gap* ndi mpata wapakati pa ntchafu munthu akaima mapazi atagundana. Unatchuka pa intaneti cha m'ma 2013. Kukhala nawo kapena kusakhala nawo kumadalira kwambiri mmene mafupa a m'chiuno anakhalira, choncho ambiri angadzimane mpaka kudwala osauona. *Thinspo* ndi chidule cha *thinspiration*, kuphatikiza *thin* ndi *inspiration*: zithunzi ndi timawu tolimbikitsa anthu kusadya. Masamba a pa intaneti a Tumblr, Pinterest ndi Instagram analetsa zimenezi mu 2012, koma olemba ankangosintha kalembedwe, kuwonjezera chilembo apa, kuchotsa apo, n'kupitiriza. Kholo kapena mphunzitsi akaona mawu amenewa, kapena *pro-ana*, kutanthauza kukometsera *anorexia*, pafoni ya mwana, ndi nthawi yokhala naye pansi mofatsa ndi kufunsa thandizo kuchipatala.

Palinso *beach body* kapena *bikini body*, thupi limene amati ndilo loyenera kuoneka kugombe m'chovala chosambira. Mu 2015 chikwangwani chofunsa anthu ngati matupi awo akonzekera kugombe chinakwiyitsa ambiri m'masiteshoni a sitima zapansi ku London, ndipo chaka chotsatira meya Sadiq Khan analetsa zotsatsa zamtunduwu m'mabasi ndi m'sitima za mumzindawo.

Masiku ano timamva *curvy* ndi *thick*. Ndiye kuti kuwonda kwatha fashoni?

Mawu achuluka, koma chikombole sichinasweke. *Curvy* ndi mkazi wa mabere ndi mbina koma wa chiuno cholowa. *Thick*, amene anafala kuchokera m'Chingerezi cha anthu akuda a ku America, ndi oyamikira mkazi wa ntchafu ndi matako odzaza. Chenjerani nawo ku Britain, kumene *thick* ndi munthu wogona m'mutu. *Plus-size* ndi a m'sitolo, *full-figured* ndi aulemu, *chubby* ndi *plump* amakomera makanda kuposa akuluakulu. *Obese* ndi achipatala, onena za BMI ya 30 kupita m'mwamba.

Ndiye pali *slim thick*, amene amandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni pakamodzi: mimba yophwa, chiuno cha mavu, koma kumbuyo kodzaza. Uku n'kufuna kuti munthu awonde ndi kunenepa nthawi imodzi, m'malo osankhidwa ndi ena. Ambiri a matupi amenewa pazithunzi anadutsa kwa dokotala wa opaleshoni kapena pakompyuta.

Ndipo kuwonda kwabwereranso ndi jakisoni. Ozempic, mankhwala a kampani ya ku Denmark ya Novo Nordisk, anavomerezedwa ku America mu 2017 kuti azithandiza odwala shuga. Mu 2021 mankhwala omwewo anavomerezedwa m'dzina la Wegovy kuti azichepetsa thupi. Chingerezi sichinachedwe: kunabadwa *Ozempic face*, nkhope yofota ya munthu amene wataya thupi mwamsanga. Mawu akale a nkhope imeneyo ndi *gaunt* uja.

Mnzanga wolankhula Chingerezi wachepa thupi. Ndimuuze kuti chiyani?

Choyamba dziwani kuti "You've lost weight" kwa Angerezi ndi Amereka ambiri amamveka ngati chiyamikiro, ndipo yankho lozolowereka ndi "Thank you". Kumbali inayi, "You've put on weight" kapena "You're fat now", ngakhale mutanena ndi mtima wabwino wosonyeza kuti munthu akuoneka kuti zikumuyendera, amatha kudula chibwenzi. Amene tinakulira m'zinenero zimene "mwanenepatu" amanenedwa mosangalala timapunthwa apa kawirikawiri.

Koma ngakhale chiyamikirocho chili ndi minga. Simukudziwa chimene chawondetsa munthuyo. Akhoza kukhala kuti akudwala, waferedwa, banja likugwedezeka, kapena akulimbana ndi matenda a kadyedwe, ndipo mawu anu angamuuze kuti apitirize. Ngati iye mwini wanena kuti wakhala akuyesetsa kuchepetsa thupi ndipo akusangalala, mukhoza kunena kuti "You look great" kapena "Well done". Ngati mukuda nkhawa, funsani za iye osati za thupi lake: "How have you been?" kapena "Are you doing okay?"

Polemba nkhani kapena pofotokozera munthu amene akufunidwa, mawu osalakwira aliyense ndi *slim build* kapena *slight build*, ndipo ndi amene apolisi amagwiritsa ntchito m'zidziwitso zawo. Pali kamsampha kamodzi kotsala. "You look well" amaoneka ngati mawu osalakwa, ndipo nthawi zambiri alidi choncho, koma ku Britain ndi ku Ireland anthu ena akawamva amathamangira pasikelo, poganiza kuti mwawauza mwaulemu kuti anenepa.